Mutu 7: Mbewa Ikakamira M'paipi

1. Madzi aleka

Lachiwiri pa 14 Ogasiti 1984, nthawi ili 10 koloko m'mawa, mipope yonse khumi ndi inayi ya m'midzi ya kunsi kwa phiri la Nkhalamba idauma. Idakhala youma masiku khumi.

Anthu awiri okha ndiwo ankadziwa pomwe padagona vuto. Woyamba adali Faines Nkhoma, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Wachiwiri adali bambo ake, a Isake.

Madziwo ankachokera pa kasupe wa m'phiri ndi kulowa m'thanki. Kuchoka m'thankimo ankatsetsereka okha m'paipi yokwirira pansi, mtunda wa makilomita atatu, mpaka kufika pa mpope woyamba wa m'mudzi mwa Msinda. Ngalande ya paipiyo adakumba ndi eni midzi m'chaka cha 1981, aliyense ndi khasu lake.

Faines adakhoza mayeso a Sitandade 8 koma sadasankhidwe kupita ku sekondale. Popeza ankalemba zooneka bwino, komiti ya madzi idamuika m'gulu lokonza mapaipi. Adampatsa kope lolembamo malo onse okonzedwa, lula yoyezera, ndi kiyi wotsekera madzi ku thanki.

Mlangizi wa gululo adali a Felton Kamwendo, bambo wa imvi amene adagwira ntchito ya mapaipi zaka makumi awiri ndi zitatu. Ankabwera pa njinga kuchokera ku Nachisaka kawiri pa mwezi.

2. Khasu la pa 31 Malichi

Nkhaniyi idayamba miyezi inayi ndi theka m'mbuyo mwake.

Paipi yaikulu inkadutsa m'mphepete mwa munda wa a Isake, kumtunda, pafupi ndi thanki. Loweruka pa 31 Malichi anthu onse adali kukonza mlatho pa ntchito ya Sabata ya Achinyamata. Faines adatsala pakhomo chifukwa adali atangochira malungo. Bambo ake adapita kumunda kukapatutsa madzi a mvula amene ankagumula mizere.

Mvula idali itakokolola dothi, ndipo paipi idali pafupi kuposa kale. Khasu lidangoti go! Madzi adathovoka mpaka kunyowetsa ngayaye za chimanga.

A Isake adafika pakhomo ali chonyowa.

"Nankhoma, tenga kiyi uja. Thamanga ukatseke madzi."

"Mwatema paipi, Ababa? Tikauze a komiti. Mapaipi abwino ali m'sitolo."

"Ndipo m'sitolomo amatulutsa paipi osalemba dzina la wotema? Tamvera kuno, mwana iwe. Tsiku lotsegulira mipopeyi a tcheyamani a chipani adanena chiyani? Adati wothyola paipi ndi mdani wa chitukuko. Mawu amenewo ine ndidawamvapo kale. Achimwene anga a Samueli adali mphunzitsi. Adangofunsa pa msonkhano chifukwa chomwe njerwa za sukulu zidachepera. Adawatcha dzina lomwelo. Galimoto idabwera mu Juni 1976, iwe uli ndi zaka zisanu ndi zinayi. Udawaonanso? Manda awo ukudziwa pomwe ali? Pakamwa ndi pa khomo, mwana wanga, pamafuna chitseko. Ukafuna kuti amako alere okha ana anayi, pita ukanene."

Faines adapita kukatseka madzi.

A Isake adali ndi chidutswa cha paipi chimene ankathirira nacho nazale ya fodya. Chidali chocheperako, moti chidalowa m'kati mwa paipi yaikulu mbali zonse ziwiri. Adawamba milomo ya paipi yaikuluyo pa moto wa zitsononkho kuti ifewe, adaifinyira pa chidutswa chija, ndi kumanga zolimba ndi mphira wa chubu cha njinga.

Faines adayeza chidutswacho asadakwirire, chifukwa kuyeza chidali chizolowezi chake. M'kati mwake mudali mamilimita 46.

"Njira yachepa, Ababa."

"Madzi alibe mafupa. Adutsa."

Madzi adadutsadi. M'kope la Faines, pa tsiku limenelo, simudalembedwe kanthu.

3. Funso la a Kamwendo

Pofika mu Ogasiti madzi ankangodontha m'mipope. Matope a dzinja adali atakhazikika m'paipi. Ndowa imodzi inkatenga mphindi makumi awiri kuti idzaze, ndipo amayi ankakangana pa mzere.

Lolemba pa 13 Ogasiti a Kamwendo adaitanitsa msonkhano pa bwalo la tchalitchi cha Msinda. Adatulutsa m'chikwama chinthu chotalika ngati chitsononkho. Chidali siponji yolimba, ndipo pakati pake padali kamphira kozungulira kodulidwa ku tayala la galimoto.

"Ichi tichiponya m'paipi ku thanki," adatero. "Madzi azichikankha kumbuyo, icho chizikankha matope kutsogolo, mpaka chidzatulukire pano kuseri kwa tchalitchi. M'mabuku athu a ntchito amachitcha nkhumba, ati chifukwa chimalira podutsa."

"Nkhumba yanji yolowa ku una?" adafuula a Marita, mayi wokhala moyandikana ndi kwa a Isake, mwana wawo Kalebe ali kumsana. "Imeneyo ndi mbewa, aKamwendo. Ikatuluka yonona mutigawireko!"

Anthu adaseka, ndipo dzina lidakhala lomwelo.

Kenaka a Kamwendo adanyamula zidutswa ziwiri za paipi ndi kuitana Faines.

"Nankhoma, bwera ndi lula yako. Yeza kunja kwa ziwirizi."

"Zonse ndi mamilimita 63."

"Tsopano yeza m'kati."

"Ichi ndi 59. Ichi ndi 54."

"Mwamva? Kunja n'zofanana ngati mapasa, m'kati n'zosiyana. Ya 59 ili kumtunda, kumene madzi alibe mphamvu zambiri. Ya 54 ili ndi khungu lochindikala, ndipo tidaiika kuchigwa, kumene madzi amakankha mwaukali. Tsono mbewa sitiyezera pa njira yotakata ayi. Timayezera pa malo opanikiza kuposa onse. Siponji imafinyika, koma kamphira aka sikafinyika. Ndakadula mamilimita 52 kuti kadutse pa 54."

Adaika zidutswazo pansi ndi kuyang'ana anthu mmodzimmodzi.

"Tsopano ndifunse, ndipo ndifunsa kamodzi. Ine ndikudziwa zomwe zili pa mapu ndi zomwe zili m'kope la mwanayu. Zomwe zili pansi pa nthaka mukudziwa ndinu eni minda. Ngati alipo amene adatema paipi n'kuika chigamba chake, anene lero. Sindikufuna kumulanga. Ndikufuna ndidziwe kukula kwa njira basi. Khasu lilibe maso, aliyense angateme. Koma mbewa iyi ikakumana ndi malo opapatiza amene sindikuwadziwa, ikakamira ngati chitsekero cha botolo. Matope adzaunjikana pomwepo. Kubwerera singabwerere, chifukwa madzi sakwera phiri. Makilomita atatu okwirira pansi, tidzayambira pati kukumba? Ndidaziona kwina, anthu adakumba milungu itatu. Akulu adati mukabisa matenda, maliro tidzamva. Nenani lero."

Asadayankhe munthu, a Alexio, tcheyamani wa nthambi ya chipani, adaimirira pa mpando wawo.

"Kuno kulibe munthu wotero, a mlangizi. Kuno timakonda chitukuko. Atapezeka, ine ndiye ndingadziwe kokamutula."

A Isake adali kumbuyo, akusenda nzimbe, maso ali pa mpeni.

A Kamwendo adapukusa mutu pang'ono. Adatembenukira kwa Faines.

"Kope lako likuti chiyani, mwana wanga? Zonse zilimo?"

Faines adayang'ana lula ili m'manja mwake. Kuchoka pa 52 kufika pa 46 padali timizere tisanu ndi kamodzi tokha, kochepa kuposa chikhadabo cha chala chaching'ono.

"Zonse zilimo," adatero.

4. Kukumba

M'mawa mwake Faines ndi a Kamwendo adakwera ku thanki. Mbewa idalowa m'paipi nthawi ili 9:40. Faines ndiye adatsegula madzi.

Kuseri kwa tchalitchi anthu adaunjikana kudikira. Poyamba mudatuluka madzi ofiira, ana n'kukuwa. Kenaka madzi adachepa. Pofika 10 koloko adaleka.

A Kamwendo adatseka ndi kutsegula katatu. Adagona pansi n'kuika khutu pa paipi. Sadamve kanthu.

"Ndalakwitsa ndine," adauza komiti madzulo ake. "Mwina kuchigwa kuli paipi yochindikala kuposa momwe mapu akunenera. Kumtunda njira ndi yotakata, singakakamire kumeneko. Tiyambire kuchigwa."

Adayambira kuchigwa, kutali ndi munda wa a Isake.

Ntchito yake idali yowawa. Ankakumba dzenje lofika m'chiuno, kuboola kabowo pa paipi, ndi kuona ngati mutuluke madzi. Mukapanda madzi, ndiye kuti mbewa idali kumtunda kwake. Ankatseka kabowoko, kukwirira, ndi kusunthira mtsogolo. Dothi la mu Ogasiti lidali gwa ngati mwala. Pa tsiku ankakumba maenje awiri, akalimbika atatu. A Kamwendo sadafune kudumpha malo aakulu, chifukwa adatsimikiza mtima kuti mbewa ili pafupi, m'chigwa momwemo.

Anyamata odutsa ndi makasu awo a uzimba wa mbewa ankawanyoza.

"Agogo, zathu tapha kale khumi! Yanuyo ndi ya mtundu wanji, yosatuluka?"

A Kamwendo ankangopitiriza kukumba. Adasiya kubwerera ku Nachisaka, ankagona m'kalasi pa sukulu ya m'mudzimo. A Alexio adawauza pamaso pa anthu kuti alembera kalata ku boma yonena za mlangizi amene waphera anthu madzi.

Faines ankalemba dzenje lililonse m'kope: tsiku, malo, ndi mawu amodzi omwewo, "Mulibe madzi." A Isake nawo ankabwera kudzakumba. Ankakumba kuposa onse, mpaka m'manja mudatuluka matuza.

Tsiku lachinayi, pobwerera, Faines adawapeza okha pa njira.

"Ababa, kumeneko kulibe. Inu mukudziwa."

"Afika okha kumtunda. Akapeza, tidzati sitikudziwa. Pirira."

"Pa liwiro limeneli adzafika mwezi wamawa."

"Ndati pirira."

5. Madzi a kudambo

Kasupe wa m'phiri adali kutali, ndipo njira yake idali yokwera. Amayi ambiri adabwerera ku zitsime zakale za kudambo, zimene zidasiyidwa zaka zitatu. Ng'ombe zinkamwa pomwepo. Madzi ake adali otuwa ngati a mpunga.

Mlangizi wa zaumoyo adayenda m'midzi kuuza anthu kuti aziphitsa madzi. Ena ankaphitsa. Ena nkhuni zinkawachepera.

Pa 19 Ogasiti ana asanu a kwa Msinda adayamba kutsegula m'mimba. Anayi adachira. Wachisanu adali Kalebe, mwana wa a Marita, wa miyezi khumi ndi umodzi. Faines ankamubereka kawirikawiri amake akamasinja. Mano adali atamera anayi, ndipo ankakonda kuluma lula ya Faines.

Lachitatu pa 22 Ogasiti a Marita adanyamuka naye kupita ku chipatala. Mwanayo adatsirizikira pa njira, asadafike pa msewu waukulu.

Palibe dokotala amene adayeza madziwo, choncho palibe amene anganene motsimikiza chimene chidapha Kalebe. Chodziwika n'chakuti kwa zaka zitatu za mipope, m'mudzi mwa Msinda simudafe mwana ndi matenda otsegula m'mimba.

Maliro adaikidwa Lachinayi. Amayi a Mvano adaimba, ndipo madzi ophikira pa siwa adachokera kudambo komweko. A Kamwendo adafika atavala jekete lawo lokhalo. Adagwada patsogolo pa a Marita, chipewa chili m'manja.

"Mayi, mbewa ija ndidadula ndine. Ndidayeza molakwa. Mundikhululukire."

A Marita sadawayang'ane.

"Ndidakusekani tsiku lija, aKamwendo," adatero motsitsa mawu. "Ndidati mutigawireko. Mwatigawiradi."

Faines adali pafupi, atanyamula ndowa. Adaitula pansi ndi kutuluka pa siwa.

6. Kuseri kwa nkhokwe

Dzuwa lisadalowe Faines adawapeza bambo ake kuseri kwa nkhokwe, akukhoma mpini wa khasu umene sudali woguluka.

Faines adagwada monga mwa masiku onse.

"Ababa, mawa m'mawa ndikawauza a Kamwendo."

"Mwana wapita kale. Ukanena adzuka?"

"Sadzuka. Koma kwa a Veronika kuli mwana wina wayamba kutsegula m'mimba dzulo."

A Isake adaika khasu pansi.

"Ukudziwa chimene ukuchita? Mu Malichi ukadakhala mlandu wa paipi. Lero ndi mlandu wa maliro. A Alexio akufuna munthu woti amutule ku boma, ndipo iwe ukuwapatsa bambo ako pa mbale. Ndi iwenso sakusiya. Kiyi adali ndi yani? Kope lidali ndi yani? Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, mwana wanga, ukaponya mwala uswa mkhate. Taganiza za amako. Taganiza za alongo ako."

"Ndaganiza masiku asanu ndi anayi, Ababa. Mudati madzi alibe mafupa, ine ndidakhala chete. Adandifunsa pa bwalo, ndidanama. Lero munthu wamkulu wagwada pa siwa kupepesa mlandu wathu. Za kiyi ndikanena. Za kope ndikanenanso. Ndiyambira za ine."

"Ndipo akakufunsa mwini khasu?"

"Munda ndi wanu. Safunsa."

A Isake adatolanso khasu lija. Nkhuku zidayamba kulowa m'khola.

"Achimwene a Samueli ankayankhula chomwechi," adatero potsiriza. "Pita ukathandize amako."

7. Lachisanu

Pa 24 Ogasiti, nthawi ili 6:30 m'mawa, Faines adawapeza a Kamwendo akusukusula kuseri kwa kalasi. Adatsegula kope pa tsamba la mwezi wa Malichi. Pa mzere umene udali wopanda kanthu adali atalembapo: "31 Malichi. Munda wa a I. Nkhoma. Chigamba. M'kati mamilimita 46. Madzi ndidatseka ndine."

A Kamwendo adawerenga kawiri. Adapukuta kumaso ndi malaya.

"Makumi anayi ndi asanu ndi limodzi," adatero. "Udayeza?"

"Ndidayeza tsiku lomwelo."

"Ndiye pa bwalo paja unkadziwa kuti 52 singadutse."

"Ndinkadziwa."

Sadamukalipire. Adakhala pa khonde.

"Mwana wanga, lula ndidakuphunzitsa ndine, ndipo udaidziwa kuposa amuna onse a m'gulu lino. Koma muyeso wosunga mumtima ndi chimodzimodzi kusayeza. Ukadandinong'oneza pa njira ya ku thanki, tili awiri, tikadakumba dzenje limodzi, kuika paipi yabwino, nkhani n'kuthera pomwepo. A Alexio sakadamva. Nanenso ndidalakwa, ndidafunsa funso lotere pamaso pa munthu woopseza. Koma lero maenje makumi awiri ndi atatu akumbidwa, ndipo dzulo takumba lina la makumi awiri ndi anayi, laling'ono. Limenelo silikwiririka mumtima. Udzayenda nalo. Tiye, tenga sowo ndi paipi ya 63."

Adakwera phiri ndi amuna anayi a m'gulu. Atafika m'mphepete mwa munda wa a Isake, onse adaima.

Dzenje lidali lokumbakumba. Dothi lake lidali lisadaume. Paipi idali poyera, yopukutidwa bwino, ndipo mphira wa chubu unkaoneka mbali zonse ziwiri. Pambali pa dzenjelo padagona khasu la a Isake. Mwini wake padalibe.

A Kamwendo adadula paipi kumtunda kwa chigamba. Mbewa idali pomwepo, kamphira kake katatsamira pa mlomo wa chidutswa chija, matope atagwirana mozungulira. Adachita kuitulutsa ndi waya.

Adalumikiza paipi yatsopano ndi kudikira kuti guluu agwire. Nthawi ili 3:15 masana Faines adatsegula madzi ku thanki. Pofika 4 koloko mipope yonse khumi ndi inayi inkatuluka madzi. Palibe amene adalulutira. A Marita adatuma mwana wa mchemwali wawo kukatunga, iwo sadatuluke m'nyumba.

A Alexio adafika pa dzenje madzulo, adanyamula chidutswa cha paipi chija, ndi kupempha kope. A Kamwendo adati kope ndi la ntchito, lipita ndi iwo ku ofesi Lolemba. A Alexio adati aona.

Faines adafika pakhomo dzuwa lili pa mutu wa phiri. Amake adali pa khonde, manja ali m'masaya, alongo ake atatu atawazungulira.

"Ababa abwera?"

"Adatuluka tambala atalira kachiwiri, ndi khasu. Adabweranso kutacha, adasamba, adavala malaya a ku tchalitchi. Adatenga khadi la chipani ndi Baibulo. Njinga adaisiya."

"Adati akupita kuti?"

"Adangoti, 'Umuuze Nankhoma kuti kiyi asataye.'"

Munthu womaliza kuwaona adali a Vinsenti, osoka nsapato, cha m'ma 8 koloko m'mawa. Adawaona ataima pa mphambano ya kunsi kwa dambo. Pamenepo njira imodzi imapita ku boma, kumene kuli polisi. Ina imalowera kunkhalango ya kumapiri a Ntchisi.

A Vinsenti adati adawerama kuti atole zingano. Ataweramuka, pa mphambano padalibe munthu.